Bowa wa Pansi pa Paini

"Ndiwo zanga m'chimbudzi! Patson, ukundimva? Ndiwo zozula ine ndi manja angawa, mkazi wako wakazikhuthulira m'chimbudzi!"

A Jenala anaima pakati pa bwalo atanyamula poto wopanda kanthu, chitenje atachimanga m'chiuno ngati akupita kukalima. Mawu awo ndi aja oti akafuula ku Katete a ku Sinda amayankha, ndiye kuno ku Kamitondo, kumene nyumba zimachita kupumirana, mazenera a aneba anayamba kutseguka limodzilimodzi.

Mwana wawo Patson anali atangolowa pageti, mutu ukunyezimira kuchokera kometetsa. Anayang'ana amayi ake, anayang'ana mkazi wake Jemimah amene anagwada pafupi ndi mbaula, kenako anayang'ana nsapato zake, poti nsapatozo zokha ndi zimene sizinkamufunsa kanthu.

"Amama, tiyeni tikakambire m'nyumba."

"M'nyumba mwa yani? Ine ndili ndi nyumba kuno? Ndauponda mtunda ine, kuchoka kufamu kwa msuweni wako mpaka kumsewu wa ku Ndola. Ndapeza ndelema ili mbwee pansi pa mitengo ya paini, yoyera bwino, popanda ndi mmodzi yemwe woizula, poti anthu a kuno ulesi unawalowa m'mafupa. Ndati lero mdzukulu wanga Chiyamiko alaweko za kwawo. Ndasadzula, ndatsuka, ndatereka. Kungolowa m'nyumba kukatenga mchere, potuluka ndapeza poto ali chagada!"

"Bamayo, ndinakuuzani mukwai," anatero Jemimah mwaulemu wa kwawo, osadzutsa mutu. "Uja sanali tente. Amangofanana. Bowa wa pansi pa paini sadyedwa, amapha."

"Tamumvani! Tente, tente. Dzina lake ndi ndelema, ndipo ine ndinayamba kuizula amako asanamere mano. Mudzi wonse kwathu akakayika bowa amabwera naye pakhomo panga. Lero ndiphunzitsidwe ndi mwana wa m'tauni? Patson, kamba. Mwamuna pano ndiwe. Wamutuma ndiwe kapena wadzituma yekha?"

Apa m'pamene munthu akanatsokomola n'kunena zoona. Zoona zake n'zakuti masana omwewo, a Jenala atangotula dengu, Patson anasuzumiramo n'kufunsa kumene bowayo wachokera. Atamva za paini, anadziwiratu kuti pali ngozi. Zaka zinayi zapitazo ananyamulapo bokosi la mnzake wa kumgodi amene anadya bowa wotereyu. Koma amayi ake anali kuimba nyimbo ya kutchalitchi uku akusadzula, nkhope ili ngwee, ndipo Patson chibadwire sanawauzepo kuti alakwa. Choncho anakokera mkazi wake kuseri kwa nyumba n'kumunong'oneza kuti, "Uja ndi poizoni. Chitanipo kanthu asanapse, koma mwanzeru." Atatero anakumbukira mwadzidzidzi kuti tsitsi lake lakula, ngakhale anali atameta Lachiwiri la sabata yomweyo.

"Ine amama ndinali kometa," anatero Patson. "Sindidziwa chimene chamulowa m'mutu."

Jemimah anadzutsa mutu n'kumuyang'ana. Patson akanakonda akanamugenda ndi khala lamoto.

"Wamva?" anatero a Jenala, akuloza mpongozi wawo ndi poto. "Mwini nyumba sakudziwa. Ndinakuuza ine Patson, ku Katete atsikana anatha? Unakatenga wa Chilamba, anthu oti ndi moni yemwe sitimvana. Lero wataya ndiwo zanga, mawa adzataya ine. Ndikuimbira foni amalume ako a Ezekiel ku Ndola. Abwere, aitanenso a kwawo kwa mkaziyu, adzamutenge akamulangenso. Ngati sangalangike, akakhale komweko."

Anaimbadi, ataima pabwalo pomwepo kuti aneba asavutike kufunsana. A Ezekiel anati adzapezeka Lamulungu la sabata yachitatu.

M'mawa mwake Patson anapeza mkazi wake akuchapa kuseri kwa nyumba. Anayamba wathandiza kufinya malaya, chinthu chimene sanachitepo chikwatirire.

"Bashi Chiyamiko, ananditumayo ndani?" anafunsa Jemimah, akuwaitana bambo a Chiyamiko mwa Chibemba.

"Tsitsani mawu, amama ali m'khitchini."

"Ndatsitsa. Ananditumayo ndani?"

"Ine ndinati mwanzeru. Sindinati m'chimbudzi."

"Nzeru zake ziti? Ndinawauza m'Chinyanja, ndinawauza m'Chibemba, ndinagwada. Anati ndikasewere ndi anzanga. Madzi anali atayamba kuwira, Chiyamiko ataima pambali ndi kambale kake. Ndikanataya padzala nkhuku za eni zikanatola. Inu nzeru zanu munapita nazo kometa."

"Amake Chiyamiko, amama mukuwadziwa. Munthu ukawatsutsa amakukumbutsa tsiku limene anakubereka, mvula imene inagwa tsikulo, ndi mbuzi imene anagulitsa kuti upite kusukulu. Ingopirirani. Mlendo ndi mame. Anangobwerera chipatala cha maso, diso lawo likapola abwerera ku Katete, nkhani izizira yokha."

"Awe, mame anuwo aitana kale amalume." Jemimah anakutumula chitenje n'kuchiyanika. "Banachimbusa, alangizi anga aja, anandiuza kuti mkazi savula mwamuna wake pagulu. Dzulo ndakufunditsani. Koma nsalu imene mwafundayo ndi yanga, ine ndatsala pamphepo. Kamitondo yense akuti ndine mkazi wotaya chakudya cha apongozi. Pampopi ndikafika amayi amasiya nkhani. Sindidzakuululani, ndinalangidwa ine. Koma pakamwa muli napo."

"Ndikamba nawo. Ndipatseni masiku awiri."

"Ndakupatsani masabata atatu. Si ine ndawerenga, ndi amalume anu."

Patson sanali munthu woipa. Kumgodi, kumene amawotcherera zitsulo, anzake amamutama kuti salimbana ndi munthu. Vuto lake linali lomwelo. Amafuna aliyense azimusekerera, ndipo munthu wotere akakhala pakati pa mayi ndi mkazi amavomera uku, n'kuvomeranso uku, osadziwa kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Pakhomopo panayamba kuyaka mbaula ziwiri. A Jenala analumbira kuti sadzalawanso chophika mpongozi, ndipo ankadzikazingira kapenta wawo pakona, atafulatira. Jemimah sanawanyengerere. Inali nyengo ya mvula, ndipo azakhali ake, bana Amos, ndiko kuti amake Amos, amene amagulitsa bowa kumsika, ankamutumizira wamitundumitundu. Lolemba ankaphika chitondo, bowa wofiirira uja kwawo kwa a Jenala amati manyame, n'kumutendera ndi nsinjiro mpaka fungo lake kukaitana anthu pamsewu. Lachitatu kabansa, woyabwa pang'ono pa lilime, amene amayamba wamuwiritsa n'kutaya madzi oyamba asanathire anyezi ndi tomato. Tsiku lina kunabwera chikolowa, chibowa cha pachulu chachikulu ngati ambulera. Jemimah anachidula zidutswa, kuwaza mchere, n'kuchiwamba pamakala, ndipo mneba anasuzumira pampanda kufunsa ngati kwagwa ng'ombe.

"Idya, Chiyamiko," ankatero Jemimah mokweza pang'ono kuposa mmene mwana wa zaka zinayi amafunira. "Anesi kusikelo anati bowa amamanga thupi ngati nyemba, ndipo salemera m'mimba ngati nyama. Ndi wabwino kwa ana ndi kwa okalamba omwe."

"Okalamba ena ali ndi kapenta wawo," ankayankha a Jenala ali chifulatire.

Koma tsiku lina Patson ataweruka msanga anapeza amayi ake m'khitchini, chivundikiro cha poto wa chitondo chili kudzanja lamanzere, supuni kudzanja lamanja, nsinjiro ili pachibwano.

"Ndimaona ngati wakuthirira mankhwala," anatero a Jenala.

"Mwapeza chiyani, amama?"

"Sindinatsimikize. Ndilawenso." Analawa kachiwiri, kenako kachitatu. "Mchere amautha. Koma mwano ndi mwano."

Mpata unali umenewo. Patson anatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka n'chakuti, "Kodi ku Katete mvula ikugwa bwanji chaka chino?"

Anayesanso powaperekeza kuchipatala cha maso. M'minibasi monse ankayeseza mawu chamumtima, koma potsika anangowagulira chimanga chootcha. Anayesa kachitatu pochokera ku Misa, ndipo anamaliza n'kuyamikira kwaya. Zengerezu adalinda kwaukwau. Masiku anatha ngati makala a m'nyengo yozizira, ndipo Lachisanu la sabata yachitatu anaona chikwama cha Jemimah chitatsitsidwa pamwamba pa wadiropu, chili pambali pa bedi, zovala zitapindidwa kale. Chinamupweteka kwambiri, chifukwa mkazi wake ankamukonda. Anangochilambalala n'kupita kuntchito.

Loweruka m'mawa, Patson akumanga zingwe za jombo, a Jenala anatulukira ndi dengu lomwe lija.

"Mukupita kuti, amama?"

"Komwe kuja. Mawa kubwera alendo. Ndikufuna amalume ako ndi a kwawo kwa mkaziyu adye ndelema yomwe ija, aone okha ngati Jenala ndi mfiti yopha anthu. Ndiphika ndekha, ndipo wina asayandikire mbaula yanga."

"Amama, kodi nkhuku siingakhale bwino? Alendo amalemekezedwa ndi nkhuku."

"Mlandu wake ndi wa nkhuku?"

Anatuluka pageti dengu lili pamutu. Patson anaima jombo imodzi kuphazi, ina kumanja. Akanawathamangira, koma basi ya kuntchito inaliza hutala pakona, ndipo iye anaithokoza mumtima.

Tsiku limenelo anawotcherera zokhota zokhazokha. Pobwerera madzulo, dzuwa lisanalowe, anapeza beseni lili pakhonde, lovundikiridwa ndi nsalu yoyera, amayi ake atakhala pambali pake ngati mlonda. Anamupeza Jemimah akuthyola chibwabwa kudimba lakuseri.

"Amake Chiyamiko, abwera nayenso."

"Ndaona."

"Ndiye? Akalowa kosamba, inu mungothamanga nalo beseni lija."

"Awe mukwai. Dzanja langa linatayapo kamodzi, likupwetekabe."

"Anthu afa! Amalume, azakhali anu, amama eni ake!"

"Ndiye kawauzeni. Ali pakhonde apo, masitepe teni okha."

"Mukudziwa kuti ndikanena lero afunsa chifukwa chimene sindinanenere tsiku lija."

"Afunsadi." Jemimah anapitiriza kuthyola masamba, modekha ngati akukamba za mtengo wa sopo. "Ine ndinaletsedwa kuyandikira mbaula, ndinaletsedwa kuphunzitsa akulu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, bashi Chiyamiko. Mwambi umenewu ndi wa kwanu, ndinaumva kwa amayi anu."

Kudekha kwakeko kunamuopsa Patson kuposa beseni. Anazungulira nyumba kawiri, nafika pakhonde, amayi ake n'kumuyang'ana ndi diso lawo lopola kumene lija. Anawafunsa ngati akufuna tiyi.

Lamulungu, Patson atabwerako ku Misa yoyamba, a Ezekiel anafika atavala jekete ya ukwati wawo, imene inasiya kale kugwirizana ndi mimba yawo. Anagwira ntchito kumgodi zaka makumi atatu, ndipo chipumireni ntchito yawo inali kuweruza nkhani za mabanja ndi kudya kumene aweruzako. Bana Amos anafika pambuyo pawo, nkhope itamangidwa, akuoneka kuti mawu awakonzera m'minibasi. Jemimah anawalandira pageti n'kuwanong'oneza kanthu. Mayiwo anamuyang'ana, anayang'ana Patson, ndipo anakakhala pamkeka osatsegulanso pakamwa. Chiyamiko anali atatumizidwa kwa aneba. Chikwama cha Jemimah chinali pakhomo la chipinda, aliyense akuchiona.

"Tayamba ndi pemphero kapena ndi mlandu?" anafunsa a Ezekiel.

"Tiyamba ndi kudya, achimwene," anatero a Jenala. "Mlandu wake ndi wa ndiwo, ndiye mboni yoyamba ikhale ndiwo."

"Mlongo wanga, mawu amenewo ndi anzeru."

A Jenala anabwera ndi mbale yaikulu n'kuivundukula. Bowa woyera, woterera, wosambira mu msuzi wa tomato ndi anyezi, fungo lake ngati la nkhuku yachikuda. A Ezekiel anameza malovu mokweza, nayamba kukwinya manja a jekete.

"Dzulo ndinapita komwe ndinazula uja anatayidwa," anatero a Jenala. "Mpongozi wanga akuti ine sindidziwa bowa. Mwana wanga akuti sadziwa chimene chinamulowa mkazi wake m'mutu. Si choncho, Patson?"

"Ndi... ndi choncho, amama."

"Chabwino. Achimwene, bwezani dzanja. Kwathu mwini khomo ndiye amayamba, kuti alendo adye mtima uli m'malo." Anatapa bowa wodzaza chipande n'kumuthira m'mbale ya Patson, nawonjezeranso china. "Idya, mwana wanga. Unkaikonda ndelema uli mwana, unkachita kunyambita mbale."

Jemimah anabwera ndi madzi, nagwada, namusambitsa m'manja monga mkazi wolangidwa. Patson anamuyang'ana m'maso momupempha. Jemimah anamupatsa kansalu kopukutira.

"Amama, m'mimba mwanga simuli bwino chiyambire dzulo."

"Bowa salemera m'mimba. Anatero anesi a kusikelo, ndinamva ndi makutu anga."

"Ndiye ndiyambe ndi chibwabwa."

"Chibwabwa chilibe mlandu. Idya."

"Mphwanga, fulumira," anatero a Ezekiel. "Ena tachokera kutali."

Patson anatema mbamu, naiviika mu msuzi. Dzanja linanyamuka, linafika pachifuwa, linafika pachibwano. Anaona bokosi la mnzake lija, namva kulemera kwake paphewa. Thukuta linatsika pamutu wometa uja n'kudontha pamphuno. Mbamu inagwera m'mbale.

"Sindingadye! Amalume, musakhudze! Bowa uyu ndi wa pansi pa paini, ndi poizoni!"

"Paini?" A Ezekiel anabweza dzanja ngati agwira mbaula, nadzikankhira kumbuyo ndi mpando womwe. "Jenala, pafoni sunanene za paini! Wandiitanira mlandu kapena maliro anga?"

"Dikirani achimwene. Patson, iwe za paini wazidziwa liti? Usiku wathawu?"

Patson anayang'ana nsapato zake, koma ulendo uno nazonso sizinamuthandize.

"Kalekale, amama. Mnzanga wa kuntchito anafa naye. Tsiku lija nditangoona dengu ndinadziwa. Ndine ndinamuuza Jemimah kuti achotse. Ndinaopa kukuuzani, ndiye ndinamutuma iye, ine n'kuthawira kometa. Mutandifunsa ndinakana. Iye sanalakwe kanthu, wolakwa ndine."

Kunja kunamveka phazi la mneba likuchoka pazenera. Kenako a Jenala anakoka mbale ya Patson, natema mbamu yaikulu, naikuta ndi bowa, n'kuiponya m'kamwa.

"Amama!"

"Khala pansi." Anatafuna mosafulumira, nameza, nanyambita chala. "Uyu ndi tente weniweni, wa m'nkhalango ya eni dziko. Waphika ndi mkazi wako m'mamawa, iwe uli ku Misa kupempha Mulungu kuti akuchitire ntchito yako. Ine ndangosonkhezera moto."

Bana Amos anaphulika kuseka, mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. A Ezekiel anayang'ana akazi atatuwo mmodzimmodzi.

"Nkhanga zinapangana kusanapse," anatero. "Tafotokoza, mlongo wanga, ndiwo zikuzizira."

"Dzulo ndinapitadi, ndinazula dengu lodzaza. Ndikudikira minibasi pamsewu, amayi ogulitsa bowa paja anasuzumira m'dengu. Achimwene, kukuwa kwake! Wina anandilanda dengu, wina anagwira kumutu, wina akundikalipira m'Chilamba, ine kuyankha m'Chichewa, mpaka anatulukira mmodzi womva zonse ziwiri. Anatenga wanga ndi wawo n'kuwaika pamodzi padzanja. Anati taonani mayo, wathuyu m'mphepete mwake muli timizere ngati mano a chipeso, pakati n'poderako, ndipo amamera pansi pa mitengo yachilengedwe. Wanuyu m'mphepete ndi mosalala, ndipo akuoneka kubiriwira pang'ono. Anati umadya lero, mawa kutsegula m'mimba, mkucha umadzuka n'kuthokoza Mulungu kuti wachira, kenako anthu amayamba kukumba. Ndinayang'ana ndi diso latsopanoli, ndinaona kuti n'zoona. Kwathu paini kulibe, ine ndikanadziwira kuti? Ndinaona bowa ali mbwee, m'malo mofunsa chifukwa chake eni dziko akumudutsa, ndinati ndi aulesi. Safunsa anadya phula. Wanga anamukwirira, n'kundipatsa wawo."

Anatembenukira kwa bana Amos.

"Amayi, ine ndinatukwana mtundu wanu wonse chifukwa cha poto mmodzi, pomwe anthu ake ndi omwe andipulumutsa kawiri. Dzulo ndinagwada pamaso pa mwana wanuyu, nkhalamba ine, maondo akulira. Lero ndikupepesa pamaso panu."

"Zamveka mukwai," anatero bana Amos. "Mulandu wa pakamwa umatha ndi pakamwa."

"Koma nditagwada choncho, china chinandibwerera m'mutu. Mwana wanga uyu amameta kamodzi pamwezi, ndipo amachita kukakamizidwa. Sabata imene ija anameta Lachiwiri, n'kukametanso Loweruka, bowa ali pamoto. Ndinamufunsa mpongozi kuti kodi mwamuna wako ankadziwa? Mukudziwa chimene anayankha? Anati, bamayo, mufunseni nokha. Masabata atatu ndamunyoza, aneba amunena, chikwama wamanga, koma osamugulitsa mwamuna wake. Ndiye ndinati chabwino, ndimufunsa m'chinenero chimene angamve."

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero a Ezekiel, amene tsopano anali atayamba kudya, poti mboni inali itamasulidwa.

"Amama, ndinkakulemekezani," anatero Patson ndi mawu aang'ono.

"Ulemu? Mkazi wako anataya ulemu n'kusunga moyo wanga. Iwe unasunga ulemu. Dzulo unandiona ndikutuluka ndi dengu, unandiuza za nkhuku. Madzulo unaona beseni, unandifunsa za tiyi. Akanapanda amayi a pamsewu aja, ukanandiika m'manda mwaulemu kwambiri, utavala suti." Anakonza duku lawo ngakhale linali bwinobwino. "Mwina n'kulakwa kwanga. Ndinalera mwana woopa pakamwa panga kuposa imfa yanga. Zimenezi zandiwawa kuposa za chimbudzi zija."

A Ezekiel anapukuta msuzi pachibwano, natsokomola monga woweruza.

"Basi, nkhani yatha bwino. Wolakwa wavomera, wolakwiridwa wayera. Mphwanga, mutu ukakula sulewa nkhonya, wamva? Pepesa kwa mkazi wako. Amake Chiyamiko, kabwezeni chikwama pawadiropu, banja ndi kupirira. Pali bowa wina m'poto?"

Patson anagwada, ndipo anagwadadi ndi mtima wonse. Anapepesa m'Chinyanja, nawonjezera ndi Chibemba chake chothyokathyoka. Anamva kupepuka ngati watula thumba la simenti, ndipo anayamba kale kuganiza kuti mawa adzagula nkhuku ija.

Jemimah anamumvetsera mpaka anamaliza. Kenako anaimirira, nakatenga chikwama chija, koma sanalowe nacho kuchipinda.

"Amalume, kupirira ndapirira, aliyense waona. Bashi Chiyamiko, ndamva kupepesa kwanu, ndipo sindikukana. Koma chikwama ichi chakhala pambali pa bedi kuyambira Lachisanu. Mwachilambalala masiku atatu, simunakambe. Lero mbale yangokhala patsogolo panu maminitsi faifi, mwakamba zonse. Ndaona chimene mumaopa kutaya, ndipo si ine."

Patson anatsala chigwadire.

"Ndikupita kwa azakhali ndi Chiyamiko. Bowa wachuluka, akufuna wowathandiza kuyanika. Si ukwati watha. Njira mukuidziwa. Mukadzabwera mudzabwere ndi pakamwa panu, musadzatume munthu."

"Jenala, taletsa mpongozi wako," anatero a Ezekiel.

A Jenala anali atalowa kale kuchipinda. Anatuluka atavala nsapato zawo za pulasitiki, dengu lija lili m'khwapa.

"Ndimuletse bwanji, poti tikupitira limodzi? Bana Amos, m'nkhalango yanuyo mukandionetse chikolowa pamene chimamera. Ndisabwerere ku Katete ndi umbuli womwewu." Analanda chikwama m'manja mwa Jemimah n'kuchisenza pamutu. "Bweretsa kuno mwana wanga, wasenza zokwanira."

Anatuluka atatu, nakatenga Chiyamiko kwa aneba, ndipo mazenera a Kamitondo anatsegukanso kuona nkhalamba ya ku Katete itasenza chikwama cha mpongozi wake, ikufunsa kuti kabansa amamuwiritsa nthawi yaitali bwanji.

M'nyumba munatsala amuna awiri ndi mbale. A Ezekiel anamukankhira Patson yake ija.

"Idya mphwanga. Wamva wekha kuti alibe poizoni."

Patson anatema mbamu, naviika, naika m'kamwa. Anali bowa wokoma kuposa aliyense amene anadyapo, wofewa, mchere wake wa dzanja lomwe lija. Anatafuna, anatafunanso, kenako anaikankhira mbaleyo pambali.